Ulendo Wopanda Maliro wa a Ngozo

Linali Loweruka, pa 16 Seputembala 1995, cha m'ma 6 koloko m'mawa, pamene galimoto ya matola inaima pabwalo pa atate aakulu, a Ngozo, m'mudzi mwathu kufupi ndi Lizulu. Ndinali mu sitandade 5. Ine ndi mlongo wanga Esinati anatidzutsa kusanache, tinasamba madzi ozizira, n'kuvala zovala za kutchalitchi. Anatiuza kuti tikupita kukaona malo. Mawu amenewa sitinawamvetse, ndipo sitinali tokha.

A Ngozo anatisiya mwezi wa Juni chaka chino. Anali mkulu wawo wa bambo anga. Pamaliro anthu analankhula zoona: kuti anali mkulu wa mpingo, kuti anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, kuti kachewere wawo sankabwerako ku msika. Za ulendo uja palibe anatchula. Mwa abale amene tinakwera galimoto ija tatsala awiri, ndipo Esinati akuti akukumbukira fumbi lokha. N'chifukwa chake ndati ndilembe.

Anali aatali, owerama pang'ono, ndi chifuwa chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni. Akatsokomola m'mawa, mudzi unkadziwa kuti kwacha. Masana sankalowa m'nyumba. Ankadyera panja, n'kupumira panja, ngakhale mu Julaye mphepo ya kumapiri ikuluma. M'tchalitchi malo awo anali pafupi ndi zenera. Mlendo akakhalapo mosadziwa, iwo ankaimirira pambali pake mwaulemu, osanena kanthu, mpaka munthuyo atasuntha yekha. Chisoti chawo cha ku mgodi chinasanduka moikira mazira nkhuku. Kukumba dzenje ankakana, kaya la chitsime kaya la chimbudzi. Ankati gawo lawo la pansi pa nthaka anamaliza kale, dzenje latsala ndi limodzi, ndipo limenelo adzawakumbira ndi ena.

Za ku mgodi sankakamba. Chimodzi chokha ankachibwereza: kuti diso limamva njala ngati mimba, koma munthu sadziwa zimenezi mpaka atakhala miyezi akulowa pansi kusanache n'kutuluka kutada.

Bodza ankadana nalo kuposa kuba. Mwana akaba mango n'kuvomera, ankangomuyang'ana. Akakana, ankathyola kamtengo.

Ana a masiku ano amawadziwa ndi dzina lakuti a Taonani. Kuseri kwa nyumba yawo, pa chulu chakale chosalazidwa, pali benchi loyang'ana ku msewu waukulu. Tsidya la msewuwo ndi dziko la Mozambiki. Masana alionse akaweruka kumunda ankakhala pabenchipo ndi akazi awo, amayi aakulu a Naphiri, amene anali osaona, n'kumawauza chilichonse chodutsa.

"Taonani, Naphiri, lole ya kabichi. Aipakira mpaka yapendekera kumanzere ngati munthu wodwala chiuno. Pamwamba pakhala mnyamata wa malaya ofiira, akudya nzimbe."

"Nzimbe yake yaitali bwanji?"

"Yomuposa mwini wake."

Sankadumpha kanthu: mitambo ya tsidya, maluwa a pachitenje cha mayi wopita ku msika, mbuzi ya ndani yalowa m'dimba la ndani. Alendo ankadabwa kumva munthu akuuza wosaona kuti taonani. A Naphiri ankangoyankha kuti aona.

Koma ife amene tinawadziwa kale tikukumbukira munthu wina. Chisanafike chaka cha ulendo uja, a Ngozo ankatha tsiku lonse ndi moni, pemphero la chakudya, basi.

Mkangano waukulu umene ndinauona pakati pa iwo ndi bambo anga unali wa benchi lomwelo, ulendowo utapita kale. Bambo anabzala mabulugama m'malire a munda wawo, pakati pa chulu ndi msewu. Mitengo itafika m'chiuno, a Ngozo anawauza kuti aizule. Bambo anakana. A Ngozo anapita dzuwa likuswa mtengo n'kudula mzere wonse wa pakati, kenako anakanena okha kuti adula ndi iwo. Kuyambira nthawi yokolola mpaka yobzala abale awiriwa sanalankhulane. Uthenga unkayenda ndi ife ana. Mvula itagwa bambo anabzalanso. A Ngozo anatenga chikwanje n'kuyamba kunola pamwala. A Naphiri anamva.

"Mukunola chiyani, a Ngozo?"

"Chikwanje."

"Mitengo ya alamu ija?"

"Ikakula itseka msewu. Ndidzakuuzani chiyani?"

"Mudzandiuza za mitengo."

Chikwanje chinabwerera kutsindwi. Mabulugamawo alipo mpaka lero.

A Naphiri anali a kuchigwa, cha ku Kasinje, kwa alimi a mpunga. A Ngozo ali mnyamata ankatsikira kumeneko panjinga kukawafunsira. Panjira pali malo ena pamene msewu umakhota usanayambe mtsetse waukulu, ndipo pamenepo ndi pomwe ankapumira. Ankati ukaima pamwala wa pamalopo chigwa chonse chimayalika pansi pako ngati mphasa: madambo, mitengo ya malambe, njanji, ndipo kutali kwenikweni kamzere ka nyanja. Powatenga a Naphiri kubwera nawo kumapiri kuno, anadutsa pamalopo mvula ikugwa. Anawalonjeza kuti tsiku lina adzabwerera limodzi, adzaima pamwalapo, kuti a Naphiri aone kwawo monga imakuonera mbalame.

Kenako kunabwera Joni, ana, minda. A Naphiri anatsikira kwawo kangapo, koma maulendo onse anali a maliro, ndipo munthu wa pa ulendo wa maliro amafunda chitenje kumutu, saona kanthu. Lonjezo linangokhala, monga amakhalira malonjezo a anthu amene akuganiza kuti nthawi ilipo.

Chaka cha 1995 maso a amayi aakulu anayamba kuvuta. Ankaphonya kapu pothira tiyi. Nyemba ankasankha ndi zala. Kuchipatala anawauza kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa. Mdima unkabwera ndithu, ndipo sukanachedwa. Iwo ankaumirira kuti zovuta ndi zapafupi zokha, zakutali akuona bwinobwino. A Ngozo anakhulupirira. Anakumba kachewere wa m'dimba, anagulitsa, n'kupangana ndi mwini galimoto. Ana awo anali atakula n'kupita m'tauni, choncho anapempha ife.

Bambo anga anawachenjeza.

"Achimwene, mwezi uno kuchigwa kumakhala utsi wokhawokha. Dikirani mvula itsuke kumwamba."

"Mvula ikagwa msewu uja ukhala phala mpaka Epulo. Maso adikira Epulo?"

Bambo anatilola kupita, iwo anatsala.

Kwathu munthu amakwera galimoto pa zifukwa zodziwika: maliro, chipatala, ukwati, msika. Anthu ataona galimoto pabwalo m'mamawa, a Ngozo ali mu suti, anayamba kutuluka m'nyumba mwakachetechete. Woyamba kufika anali a Nachisale, msuweni wawo wa a Ngozo, mayi wa pakamwa posatopa. Anabwera akumanga chitenje m'njira, beseni la ufa lili pamutu.

"Wamwalira ndani?"

"Palibe."

"Nanga akudwala ndani?"

"Palibe, Nachisale. Tikukaona malo."

"Malo ake ati? Mukugula munda?"

"Kungoona basi."

"Kungoona!" A Nachisale anatembenukira anthu amene anaima patali. "Mwamva? Munthu wavala suti Loweruka, wabwereka galimoto, akuti akukangoyang'ana. Msuweni, ine si mwana. Kwa a Naphiri kwagwa zovuta, mukundibisira kuti mawa mudzanene kuti Nachisale ndi wouma mtima."

Anakweza beseni, iwo n'kukwera. Tisanafike pa tala anali atayamba kung'ung'udza nyimbo ya pamaliro.

"Ukalira m'galimoto muno," anatero a Ngozo, "ubwerera wapansi ndi ufa wakowo."

"Ndilira mumtima. Mumtima mwanga simunalipire."

A Naphiri anakhala kutsogolo ndi dalaivala, atamanga duku watsopano wobiriwira. A Ngozo anakana kukhala pansi pa denga la galimoto. Anakhala nafe kumbuyo, pa tayala, atagwira dengu la kamba. Munali nkhuku yowiritsa, kachewere ndi tiyi wa m'fulasiki.

Zimene mwana amasunga pa ulendo n'zosasankha. Ndikukumbukira mphepo ikutulutsa misozi. Ndikukumbukira masitolo a tsidya la msewu, opanda madenga, makoma ali ndi mabowo a nthawi ya nkhondo, ndi mayi wina akuyanika ufa pakhonde la imodzi. A Ngozo analoza ndi chibwano. Titasiya tala, fumbi linatiphimba mpaka nsidze za Esinati zinachita imvi. Minda ya kachewere inatha, mphepo inayamba kufunda, ndipo makutu anga anatseka. Ndinaganiza kuti ndadwala. A Nachisale anandiuza kuti ndimeze malovu. Pofika apa anali atakhulupirira kuti kulibe maliro, ndipo anakwiya kuposa poyamba.

"Ndiye ndasiya nyemba pamoto chifukwa cha misala ya ku Joni?"

"Ndani anakuitana?"

"Suti yanuyo."

Tinafika pamalo aja dzuwa litakwera. Dalaivala anaimitsa galimoto n'kuika mwala kutayala. A Ngozo anatsika, anakutumula fumbi pa suti, anatsegula chitseko n'kuwagwira a Naphiri dzanja. Ndinali ndisanaonepo akuluakulu a kwathu akugwirana dzanja pagulu. Anakwera nawo pamwala pang'onopang'ono, ife tikutsatira.

Kunalibe kanthu. Bambo anga ananena zoona. Anthu anali atatentha tchire ponseponse, ena posaka mbewa, ena pososa minda, ndipo utsi unadzaza chigwa chonse. Tinkaona mitengo ya m'munsi mwa mwala, kupitirira apo mbuu. Madambo, njanji, nyanja, zonse zinali mkati mwa utsiwo.

Palibe analankhula. Ndinayang'ana atate aakulu. Milomo yawo inkagwedera ngati akufuna kutsokomola, koma chifuwa sichinabwere.

Amene anayamba ndi a Naphiri. Anaika dzanja pachipumi monga amachitira munthu woyang'ana kutali.

"Ee, a Ngozo," anatero. "Kodi kwathu n'kokongola chonchi? Madambo aja si amenewo? Ndipo nyanja ikuchita kung'anima."

A Nachisale anatsegula pakamwa. "Nyanja yake i—"

A Ngozo anawatembenukira, ndipo mawuwo anathera pakhosi. Anatiyang'ananso ife ana, mmodzimmodzi. Ngakhale ndinali wamng'ono ndinamvetsa. Munthu woona sakanatchula nyanja pamenepo. Mdima umene tinkathamanga kuti tiupitirire unali utafika kale, ndipo amayi aakulu anakhala akubisa.

Kenako a Ngozo anakweza dzanja la akazi awo, n'kumaloza nalo.

"Ndi imeneyo," anatero. "Taonani, Naphiri. Apa pansi pali malambe atatu, aima ngati akulu a mpingo pakhomo la tchalitchi. Kumanja uko njanji, ikuwala ngati singano. Tsatirani dzanja. Awo ndi madambo a kwanu, mpunga anakolola, ng'ombe zikudya zotsalira. Mtsinje uja munkachapako wakhota apo, pali mchenga woyera. Kanjira kofiira ako ndi kamene ndinkadzera ndi njinga, pamene agalu a bambo anu anandigwetsa."

"Anakugwetsani ndi mantha, osati agalu."

"Anali agalu anayi."

"Anali mmodzi, wokalamba."

Analankhula nthawi yaitali. Mawu amene ananena pamwala paja anaposa onse amene ndinawamva kwa iwo chibadwire. Ankafotokoza chigwa chimene anachiona ali mnyamata, mudzi ndi mudzi, mtengo ndi mtengo, maso ali pa utsi. Munthu yemwe uja ankatithyolera kamtengo chifukwa cha bodza la mango anatitembenukira n'kufunsa kuti, "Si choncho, ana inu?"

"Ndi choncho," tinayankha.

A Nachisale anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. "Ine ndinanena kuti ulendo uno ndi wolira," anang'ung'udza. Kenako anakweza mawu. "Koma nyanjayo ndiye yaikulu, msuweni. Sindinkadziwa."

Tinadyera pamwala pomwepo, kenako tinatsika mtsetse. Kuchigwa kunali kotentha moti a Ngozo anavula jekete. Kumeneko amayi aakulu ndiwo anasanduka otitsogolera. Anauza dalaivala kuti aime pamene anamva fungo la mpunga wosinjidwa. Anatsika n'kucheza ndi amayi amene ankasinjawo, ndipo mmodzi anapezeka kuti ndi mdzukulu wa mnzawo wa paubwana. Anatitengera pa mtengo wa mlambe, anausisita ndi manja onse awiri, n'kutiuza kuti tigwirane manja tiuzungulire. Tinalephera, ngakhale dalaivala atathandiza. Ine ndi Esinati tinayamwa malambe koyamba mpaka mano anayayamira. Tinaika makutu pa njanji kuti timve sitima, chitsulo chinatiotcha, sitima sinabwere. A Nachisale anasinthanitsa ufa wawo wa maliro ndi mpunga, ndipo kwa zaka zambiri ankanena kuti pa ulendo wonsewo wanzeru anali iwo okha.

Tinafika kumudzi dzuwa lisanalowe. Bambo anafunsa ngati tinaona. A Ngozo anati, "Taona," ndipo bambo atawayang'ana kumaso sanafunsenso.

Kutacha, ngakhale linali la Mulungu, mkulu wa mpingo uja anatenga khasu asanapite ku tchalitchi n'kusalaza chulu. Lolemba anazika zitsa ziwiri, n'kukhomerapo thabwa la chitseko chakale. Madzulo ake anawatulutsa a Naphiri n'kuwakhazika pamenepo. Kuyambira tsiku limenelo pakamwa pawo sipanatsekenso.

Pali chinthu chimodzi chimene a Ngozo sanachidziwe, ndipo ndikuchilemba tsopano chifukwa onse awiri apita. Patapita zaka, ine nditayamba kale ntchito, ndinabwera kumudzi n'kupeza atate aakulu agonekedwa kuchipatala ndi chifuwa chawo chija. Masana ndinakhala pabenchi ndi amayi aakulu n'kuyesa kuwauza zodutsa.

"Yadutsa basi," ndinatero.

"Basi yotani?"

"Yoyera."

Anaseka. "Sukulu yonse ija, basi yoyera? Mwa anthu ake mulibe wovala chipewa?"

Kenako anandifunsa ngati ndinkakumbukira tsiku la pamwala. Ndinati ndikukumbukira.

"Utsi ndinaumva tisanatsike m'galimoto," anatero. "Ndine mwana wa kuchigwa, mwezi umenewo ndimaudziwa. Ndiponso ana akaona chinthu chachikulu amakuwa. Inu munangoti zii."

"Nanga munatchuliranji nyanja?"

"Ndikanati utsi wanditsekera, atate ako aakulu akanadzafa akudziimba mlandu kuti anasankha tsiku loipa. Ndinati bola adziwe kuti ngakhale kukanayera chotani, ine sindikanaona. Utsi uja sunandilande kanthu." Anakonza duku. "Komanso ndinaona. Anafotokoza bwino. Iwe ndiye sutha. Usakawauze."

Sindinawauze.

A Naphiri anatsogola, patha zaka zingapo tsopano. A Ngozo sanasiye benchi. Ankakhala mbali yawo yomwe ija, ya kumanja, n'kumanena mokweza zimene akuona. Ana ankawaseka poyamba, kenako anazolowera, ena n'kumakhala m'munsi mwa chulu kumvetsera. Mnzawo wina wa ku mpingo anabwera kudzawafunsa mosamala ngati mutu ukuyenda bwino. Anamuyankha kuti akudziwa bwino kumene kuli akazi awo, anawaperekeza okha kumanda. Koma diso likakhala ndi womuuza limaona zambiri, ndipo iwo sanafune kubwerera ku njala ija.

A Ngozo tinawaika pafupi ndi a Naphiri. M'mawa mwake, anthu akadali kukolezera moto wa tiyi pabwalo, ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Benchi lilipo. Thabwa linasinthidwa kawiri, koma zitsa ndi zomwe zija. Mbali ziwiri pamene ankakhala pasalala mpaka pakuwala, pakati pokha ndi pamene patsala pokhakhala. Pansi, kumanja, pali kadzenje kamene kanakumbika ndi nsonga ya ndodo yawo. Mabulugama a bambo anga anakula n'kukweza nthambi m'mwamba, ndipo msewu ukuonekera bwinobwino pakati pa mitengo.

Ndinakhala kumanzere, mbali ya amayi aakulu, n'kutsinzina. Galimoto yolemera inadutsa, ikulowera ku Lizulu. Ndinadikira mpaka phokoso lake litatha. Panalibe wondiuza kuti yanyamula chiyani.